Mutu Saukakamiza

"Ndikufunsanso, yakuda yapita kuti?"

Mlongo wanga anali chiimire pakati pa shopu, akugwedeza pepala pamphuno pa mkazi wake ngati kuti iyeyo ndiye anamwa inkiyo. Papepalapo panali chithunzi cha mphunzitsi wina amene anabwera m'mawa umenewo kudzasindikizitsa nkhope yake. Munthu wakuda bii, koma mu pulinta anatuluka wotuwa mbuu, tsitsi lofiirira, m'maso mulibe ndi kadontho kakuda komwe. Mwini nkhope atadziona anaseka mpaka kutsamira chitseko, n'kunena kuti ngati a Fotokope ayamba kusandutsa anthu azungu, mawa abwera ndi banja lonse. Fotokope ndi dzina limene msewu wonse umamutchula mlongo wangayo. Mphunzitsiyo anachoka akuseka, ntchito n'kupita nayo kwina, ndipo amene anasenza kuseka kumeneko ndi mlamu wanga.

Mlamu anayankha maso ali pansi kuti botolo la inki yakuda likadali lodzaza, ndipo iye sanakhudze kanthu.

"Ndiye mlandu wakowo. Sunakhudze kanthu. Ndinakuuza kuti pulinta sikhala chikhalire, uzisindikizako ngakhale kapepala kamodzi patsiku, apo ayi inki imauma m'mutu mwake. Ndinakuuza kapena sindinakuuze?"

"Munandiuza, bambo. Koma ndinali chigonere."

"Chigonere? Unkadwala chiyani?"

Funso limenelo ndinaliyankha ndine, chifukwa pakamwa panga sipanaphunzire kutseka. Ine ndine telala, mchemwali wake wamkulu wa Fotokopeyo. Chipinda chakumaso kwa nyumba yathu tinachigawa pawiri ndi thabwa lopyapyala: uku iye ndi mapepala ake, uku ine ndi nsalu zanga, pakati kachitseko. Munthu akayetsemula mbali ina, mbali inayo timamva. Ndinaimitsa makina n'kumuuza kudzera pathabwapo kuti mlamu ankadwala nthiti, zomwe zija iye anazipondaponda asananyamuke ulendo wake wokagula mapepala, ulendo umene unatha pokhapokha atamva kuti mkazi wayambanso kuyenda. Shopu inakhala yotseka nthawi yonseyo chifukwa woitsegula sankatha ngakhale kutembenuka pabedi. Ngati inki yauma, ndinatero, waiumitsa ndi phazi lake lomwe.

"Achemwali, sokani," anatero, mawu ali zii. "Za kuno zisiyeni."

Ndinamva mpiringidzo wa kachitseko kapakati ukulowa, kenako chitseko chakumsewu, kenako nsalu ya pawindo ikukokedwa. Chotsatira ndinkachidziwa. Mlongo wanga samenya ndi nkhonya, ayi, ndi wochenjera. Amatenga bandulo la mapepala losatsegula, lija lolemera ngati njerwa, n'kuligwira ndi manja awiri. Bandulo silidula khungu, silitupitsa diso, silisiya mzere. Limangolowa m'kati mwa munthu n'kukhala momwemo. Phokoso lake ndi lija la munthu wokuntha matiresi: di, di, di. Pamsana, pamimba, m'nthiti zomwe zija. Mlamu salira mokweza, amangoti "hii" mpweya ukamuthawa.

Ndinagunda kachitseko ndi phewa, osatheka. Ndinathamangira kumbuyo kwa amayi athu, n'kuwapeza atakhala pampando wawo, wailesi ataikweza. Ndinawauza kuti mwana wawo akupha munthu. Osandiyang'ana n'komwe, anati nyumba ya mwini saotchera mbewa, ndipo ine amene banja linandikanika ndisaphunzitse anzanga kusunga banja. Ndinawayankha kuti langa linandikanika ndili ndi nthiti zanga zonse.

Chitseko chitatsegulidwa, mlamu anali atakhala pansi pafupi ndi chodulira mapepala, atagwira pamimba, zovala zosang'ambika, nkhope yosalala ngati sikunachitike kanthu. Mlongo wanga ankabwezera bandulo pashelefu, akuliwongola m'ngodya ndi dzanja lake lamanja lija lopanda chala chapakati. Chalacho chinadyedwa ndi chodulira chomwecho kalekale, ndipo anthu amamumvera nacho chisoni mpaka lero.

M'mawa mwake ndinamukoka mlamu kupita naye kwa bambo ake. Za kupolisi anali atandikanira kale. Ankati akakanena, pobwerako akagona kuti, poti khomo la bambo ake ndi lotseka? Choncho khomo limenelo ndilo tinayenera kuyamba kutsegula. Bambo akewo ndi kalipentala, amakhoma mipando ndi zitseko m'shedi ya kumapeto kwa msewu wathu, munthu wa manja aakulu, pensulo ili kukhutu nthawi zonse. Si munthu woipa. Vuto lawo n'lakuti amakhulupirira chimene achiona n'kuchiyeza basi. Komanso mkamwini wawo amawadziwa pokomera. Akawaona amagwada mpaka bondo kugunda pansi, "apongozi, apongozi," ndipo chikwangwani cha pashedipo anawasindikizira ndi iyeyo, chokongola, cha zilembo zakuda zonenepa.

Anamvetsera akupala thabwa. Mlamu atamaliza kufotokoza, anaika chopalira pansi n'kumuyang'ana kumaso, m'mikono, m'miyendo.

"Chilonda chili kuti?"

Ndinafotokoza za bandulo. Anapukusa mutu, akumwetulira pang'ono, kuti iwo akhala zaka zambiri padziko koma sanamvepo munthu wovulala ndi pepala. Anati matako saleka kuperesana, banja n'kupirira, ndipo mwana wamkazi akamathawira kwa bambo ake pakangogwa supuni, mawa anthu adzaseka bamboyo. Ndinawafunsa ngati akufuna tidzabwere naye m'bokosi lokhoma okha kuti akhulupirire. Apo nkhope inasintha, koma sanandikalipire.

"Mayi telala, mwanayu ndi wanga, ndimamukonda. Koma mlandu wopanda umboni sindiweruza, ndipo inu ndi mlongo wanu aliyense amadziwa kuti simumwerana madzi. Tsiku limene adzabwere ndi chinthu choti ndione ndi maso angawa, kumeneko sadzabwererako. Ndalumbira. Koma lero abwerere kwa mwamuna wake."

Pobwerera mlamu ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'nthiti. Anandiuza, osalira n'komwe, kuti lumbiro limenelo si lachilendo. Bambo ake analinenapo kale mwamuna wake ali pomwepo, ndipo kuyambira tsiku limenelo mwamunayo nkhope saikhudza. Ndinati tiye tikachite lendi kachipinda kwina, ine ndizisoka iye azisita. Anati bambo ake akhoza kudzamutenga okha n'kumubweza, poopa manyazi, ndipo tsiku lomubwezalo ndiye lidzakhala lomaliza. Ankanena zoona, chifukwa mlongo wanga ndimamudziwa chibadwire.

Masabata otsatirawo m'nyumba mwathu munkalamulira pulinta. Ofuna zikalata ankabwerera pakhomo, chifukwa chikalata chopanda yakuda ndi pepala chabe. Poyamba Fotokope ankangodina batani loti makinawo adzitsuke okha. Pulinta inkalira, inkagwedezeka, n'kumwa inki yofiira ndi yachikasu ndi yabuluu, koma yakuda osasuntha. Akatero ankasindikiza pepala loyesera. Pepalalo limatuluka ndi timizere tosanjikizana ngati makwerero, mtundu uliwonse makwerero akeake. Atatu enawo ankatuluka athunthu. Pamalo a yakuda pankangokhala poyera, mwina kamzere kamodzi koduka pakona.

Mlamu anaphunzira kuwerenga makwerero amenewo ali pakhomo la kukhitchini. Pepala likamatuluka ankasuzumira, akaona kuti poyera pachuluka ankavula ndolo n'kuziika m'kapu. Masiku ena zinkathera pa kutukwana. Masiku ena nsalu ya pawindo inkakokedwa. Tsiku lina ndinathamangira kwa wometa tsitsi woyandikana nafe kuti adzaleretse. Anafika, anatchera khutu pachitseko, n'kunena kuti iye akungomva ngati munthu akusanja katundu, n'kubwerera kwa kasitomala wake wometedwa theka. Madzulo ake ndinapeza amayi akuthira mlamu madzi ofunda pamsana, akumulangiza kuti mwamuna ntchito ikamuvuta mtima umakhala m'mwamba, mkazi wanzeru amangopewa. Ndinawafunsa kuti apewere kuti m'nyumba ya zipinda zitatu. Anati ine ndi amene ndikukolezera moto ndi pakamwa pangapa, ndipo walira mvula walira matope, mlamu pokwatiwa ankadziwa kuti akukwatiwa ndi munthu, osati mngelo.

Kenako mlongo wanga anaganiza zochotsa mutu weniweniwo wa pulinta, ndipo apa ndinaona chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero. Anasamba m'manja. Anayala nsalu yoyera patebulo. Anazula chingwe cha magetsi, anamasula tizomangira n'kutiika m'chivundikiro cha botolo kuti kamodzi kasasowe, n'kusolola tizingwe tiwiri topyapyala ngati riboni, mpweya atagwira. Mutuwo ndi kabokosi kokwana m'chikhatho, kunsi kwake kuli kachitsulo konyezimira kokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo m'timabowo timeneti ndimo inki inaumira. Anafunditsa madzi a m'botolo aja othira m'batire, chifukwa a pampopi amati ali ndi mchere wotseka timabowo, n'kuwayesa pamkono ngati mayi woyesa mkaka wa khanda. Anapinda kansalu kofewa m'kambale, anakanyowetsa, n'kukhazika mutuwo pamwamba pake, kunsi kokha kukhudza madzi, mbali ya mawaya ili youma.

Ndinaima pakachitseko n'kumufunsa chifukwa chake osangotenga singano yanga imodzi n'kubowola. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Singano? Achemwali, mutu saukakamiza. Ukaubaya waupha. Ukauthira madzi owira waupha. Ukaugogoda waupha. Umauviika, n'kuusiya, n'kubweranso, inki youmayo imasungunuka yokha. Ukatha kutsuka usaupukute, uume kaye wokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Kodi mumakudziwa?"

"Chiyani?"

"Kudekhako. Ine ndimayesa munabadwa opanda."

Anaseka, n'kunena kuti pulinta siyankha mwamwano. Ndinamuuza kuti mlamu nayenso sanayankhepo mwamwano chikwatiwire, koma palibe anamuyeserapo madzi pamkono. Iye anati mutu wa banja lino ndi iyeyo, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinati mwambiwo wauvala chotembenuza: nkhonyazo mutu waukuluwo umalandira, sikuti ndiwo umagawa. Amayi anamva ali kumbuyo, n'kukuwa kuti ndisiye kulalatira mwamuna ali pantchito yake.

Kansalu kakada ankasintha, n'kuikanso madzi ofunda. Akadzuka ankayamba wasuzumira kambaleko asanapereke moni kwa munthu. Ntchentche ikatera pafupi ankaikupiza. Tsiku lina bambo ake a mlamu anadutsa atasenza chitseko cha kasitomala, n'kuima kuti aone mwana wawo. Mtima wanga unati mwina lero. Koma anapeza mkamwini atawerama pakambale, akupukuta m'mbali mwa mutu ndi kathonje, lilime lili pakona ya mlomo. Anawafotokozera zonse mwaulemu, za madzi ofunda, za kusakakamiza, za nkhono ija. Bambowo anagwedezera mutu nthawi yonse, mmisiri akumvera mmisiri mnzake. Potuluka anasuzumira mbali yanga.

"Mayi telala, munthu wogwira chinthu chonchi, ndiye mukuti amaswa nthiti za munthu?"

Ndinawauza kuti afunse mwana wawo chifukwa chake waimirira chokhota. Anamuyang'ana. Mlamu, mwamuna wake ali kumbuyo kwa bambo ake akumwetulira, anadziwongola n'kunena kuti anagona moipa. Bambowo anasenza chitseko chawo n'kumapita.

Atabwezera mutu koyamba, makwerero akuda anatuluka theka, othothokathothoka ngati chipeso chakale. Tsiku limenelo mlamu anapuma, mpaka ndinamumva akuimba pochapa. Anandinong'oneza kuti akupempherera inki yakuda. Tangoganizani, munthu wamkulu ndi nzeru zake, kugwada pansi kupempherera inki. Ndinalowa mbali yanga n'kulira ndi mkwiyo, siketi ya mwini n'kuisoka mokhota.

Pofuna kumusangalatsa ndinamusokera bulauzi yoyera ya nsalu yotsala, ya khosi lalikulu lopindika. Anaivala koyamba masana a tsiku limene mlongo wanga anaganiza zothana ndi theka lotsalalo.

Anachotsanso mutu, koma ulendo uno anatenga sirinji yopanda singano, n'kulumikiza kapaipi kofewa kukamwa kwake, mbali inayo n'kuveka pakansonga kolowera inki yakuda. Ntchito imeneyi imafuna manja anayi, ndiye anaitana mkazi wake kuti agwire mutuwo pamwamba pa kambale. Kachitseko kanali kotsegula, ndipo ndinkaona zonse ndikusita diresi. Ankakankha madzi pang'onopang'ono, akuuza sirinjiyo mawu okoma. Kunsi kwa mutu kunayamba kutuluka timadontho takuda, kenako timizere tamadzi topyapyala ngati tsitsi. Nkhope yake inawala. Anauza mlamu kuti agwire chomwecho, asagwedezeke.

Koma nthiti zothyoka sizimva malamulo. Mlamu anali atawerama nthawi yaitali, ndipo chifuwa chinamugwira. Ndinamuona akulimbana nacho, milomo atailuma, misozi ikulengeza. Chinamuposa mphamvu. Anatsokomola kamodzi kokha, mkono unagwedezeka, kapaipi kanafwamphuka, mutu n'kupulumuka m'manja mwake kugwera patebulo. Mlongo wanga anaudumphira kuti auwakhe, chigongono n'kugunda botolo la inki yakuda limene linali lotsegula, ndipo zikhatho zake zonse ziwiri zinatera m'thamanda la inkiyo. Anautola mutuwo ndi nsonga za zala, anauyang'ana uku ndi uku, n'kuukhazika pansalu youma. Ngakhale pamenepo, anaukhazika pang'onopang'ono.

Kenako anatembenuka. Bandulo linali pashelefu pomwepo, koma tsiku limenelo analiiwala. Anaiwala nsalu ya pawindo, anaiwala kachitseko, anaiwala kuchenjera kwake konse. Dzanja lamanja linapita pakhosi pa mlamu, lamanzere linagwira bulauzi pachifuwa, n'kumukankhira kukhoma mpaka mutu unagunda, mashelefu n'kugwedezeka, maenvelopu n'kumwazika pansi. Anamukweza mpaka zala za kumapazi zokha n'zimene zinkakhudza simenti. Mlamu sanathe ngakhale kunena "hii" wake uja. Maso anatong'oka, lilime linaonekera, zidendene zikupalasa khoma.

Ndinakuwa kuti amusiye, ndinamutchula dzina lake la paubwana, osamva. Amati chibale ndi fupa, koma tsiku limenelo fupalo ndinali wokonzeka kulithyola. Simbi inali m'manja mwanga, yamoto. Ndinamumenya nayo pachigongono ndi mphamvu zanga zonse, kenako ndinaikanikiza pamkono mpaka ndinamva fungo. Anakuwa ngati nkhumba, n'kumasula. Mlamu anatsetsereka ndi khoma n'kugwa chammbali.

Ndinaganiza kuti wapita. Ndinagwada, ndinamugwedeza, ndinamuitana. Patapita nthawi imene sindidziwa kutalika kwake, chifuwa chinakoka mpweya ndi phokoso la chitseko chadzimbiri. Nditamudzutsa n'kumutsamiritsa pamwendo wa tebulo, ndi pamene ndinaona. Pakhosi pake, kuchokera pakhungu kutsikira pansalu yoyera ya bulauzi, panali dzanja. Lakuda, lonyowa, looneka bwino kuposa chilichonse chimene shopu ija inasindikizapo. Chala chachikulu mbali iyi, mbali inayo chala chimodzi, mpata, kenako zala ziwiri. Pachifuwa panali dzanja lina lathunthu.

Amayi analowa akuthamanga, n'kuona chimene ndinaona. Amayi athu sukulu sanapite nayo patali, koma zolemba zimenezo anaziwerenga msanga. Anabwerera n'kubwera ndi beseni ndi sopo, akulankhula mawu ofewa amene sindinawamvepo akulankhula kwa mpongozi wawo: mwanangu vula tichape isanalowerere, bulauzi yatsopano ingaonongeke, anthu angakuseke. Kansalu anali atanyowetsa kale, akulunjika pakhosi.

Mlamu anawagwira dzanja. Mawu anatuluka osasa, ngati akudutsa mumchenga.

"Musapukute, amayi. Iume kaye."

Anaimirira pogwira tebulo. Sanatenge chikwama, sanavale nsapato, sanafunde kanthu. Anatsegula chitseko chakumsewu n'kutuluka dzuwa likuswa mtengo, ine pambuyo pake. Kumbuyo ndinamva mlongo wanga akulanda beseni kwa amayi, akukhula zikhatho ndi sopo, akukuwa kuti amupatse palafini.

Msewu wathu ndi waufupi, koma tsiku limenelo unatalika. Wometa anatuluka makina ali m'manja, anayang'ana, n'kutembenuzira nkhope kumbali. Amayi ogulitsa zovala anasiya kuitanira malonda. Palibe amene anafunsa kuti wachita ndani. Mumsewu monsemo muli munthu mmodzi yekha wa dzanja la mpata pakati, ndipo aliyense anapatsanapo naye moni. Mlamu ankayenda chibwano chili m'mwamba, mikono ataitalikitsa ndi thupi kuti asafufute, monga momwe mwamuna wake amanyamulira chithunzi chongotuluka kumene.

Bambo ake anali akukhoma mwendo wa mpando. Anakweza maso, hamala n'kuima m'malere. Mlamu anangoima pakhomo la shedi, powala. Bambowo anayandikira n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja lawo n'kuliyandikiza pa dzanja lakudalo, osakhudza, chala ndi chala, ngati akuyeza thabwa. Chala chawo chapakati chinagwera pampata. Pensulo inagwa kukhutu, ndipo sanaitole.

Anatitsogolera kubwerera kushopu, osathamanga. Tinapeza pansi pakolopedwa, maenvelopu abwerera pashelefu, amayi atakhala pampando wa makasitomala manja ali pamiyendo. Ndipo pulinta inali ikulira. Inde, m'kanthawi kameneko munthu uja anapeza mpata wobwezera mutu wake kuti aone ngati sunavulale. Zoti mkazi wake akupuma kapena ayi, sanafunse. Anali chiimire kuseri kwa tebulo, atavala malaya a mikono yaitali kubisa pamene ndinamuwotcha, manja onse ali m'matumba. Ataona apongozi ake anagwada bondo limodzi monga mwa nthawi zonse, koma manja osatulutsa. Anayamba kufotokoza kuti pachitika kangozi ka inki, mkazi wake anaterereka n'kugwera patebulo, ndipo achemwali ake ndi amene akukuza nkhani monga mwa khalidwe lawo.

Bambowo anangotambasula dzanja.

"Moni, akamwini."

"Apongozi, m'manja mwangamu muli..."

"Ndati moni."

Kunja anthu anali atadzaza pawindo. Pulinta inatulutsa pepala n'kuligwetsera patebulo, makwerero akuda athunthu, popanda pothothoka. Mlongo wanga analiyang'ana, ndikulumbira, analiyang'ana kaye. Kenako anatulutsa dzanja. Sopo ndi palafini zinali zitangoyeretsa pamwamba. M'mizere ya chikhatho, m'zikhadabo, pachitsa cha chala chija, munali mwakuda bii.

Bambowo analigwira. Zala zimene zakhala zikuwongola misomali moyo wonse zinatseka pang'onopang'ono, ndipo ndinamva timafupa tikulira. Bondo lachiwiri la mlongo wanga linafika pansi lokha. Amayi anayamba kupepesa, akuti kulakwa n'kwa munthu, akhale pansi akambirane ngati akuluakulu. Bambowo sanamasule. Anagwira mpaka munthu wamkulu anayamba kulira mamina ali chuchuchu, kenako anataya dzanjalo n'kupukuta lawo pabuluku.

Anandiuza kuti ndilonge zovala za mwana wawo. Ndinalonga, ndi zanga zomwe, chifukwa pansi pa denga limenelo sindikanagonanso. Potuluka ndinawapeza ali pakhonde, bambo ndi mwana. Ankafuna kumugwira paphewa, koma dzanja linkabwerera panjira. Anamufunsa ngati pakhosipo pakupweteka kwambiri, n'kunena kuti tsopano aona, aona ndi maso awo, ndipo kumeneko sadzabwererakonso.

Mlamu anameza malovu movutikira. Mawu ake sanabwerere bwinobwino mpaka lero, koma tonse tinamva.

"Inki sipweteka, bambo. Zimene zinkapweteka ndi zija munkati chilonda chili kuti."

Bambowo anawerama, anatenga chikwama m'manja mwanga n'kuchisenza, misozi ikutsikira m'ndevu anthu onse akuona. Mlamu anatsogola wopanda nsapato, iwo pambuyo.